Malembo a Dongo ndi Mapesi ku Nzama: Kodi Ana Akuumba Alifabeti ya Chiyankhulo Chiti?

M'midzi yozungulira mishoni ya Nzama, m'boma la Ntcheu, monga momwe zilili m'midzi yambiri ya m'Malawi, ana amene sanafike msinkhu wa Sitandade 1 amayamba kuona malembo pasukulu za mkombaphala. Amene amawasamala ndi alezi ongodzipereka, anthu a m'mudzi momwemo, ndipo popeza mabuku ndi osowa, mlezi wakhama amapanga yekha zipangizo zophunzitsira. Lembo lina amaliumba ndi dongo, lina amalipinda ndi waya kapena chingwe cha khonje, lina amalilumikiza ndi timapesi, lina amalidula pakatoni n'kulimata njere za chimanga. Ntchito imeneyi ndi yotamandika. Chimene chiyenera kuunikidwa ndi chimene chikuumbidwacho. Dongo ndi la kudambo la kwawo, mapesi ndi a m'munda wa makolo awo, koma kawirikawiri alifabeti imene imatuluka m'manja mwa mleziyo ndi ya Chingerezi: malembo 26, mayina ake a Chingerezi, ndi zithunzi zokopera pamatchati a m'sitolo. Mwana woyankhula Chichewa amapatsidwa kiyi wa nyumba ya eni, kenaka anthu n'kumadabwa kuti chitseko cha kwawo sichikutseguka.

Nzama ndi malo oyenera kufunsirapo funso limeneli. Mu Julayi 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Auguste Prezeau ndi Antoine Winnen, adafika pamalopa ndi kulandiridwa ndi mfumu ya Angoni, Njobvuyalema. Mishoni yawo ndiyo idakhala yoyamba ya Akatolika kukhazikika m'dziko muno osachokanso, ndipo posakhalitsa adatsegula sukulu. Choncho ana a ku Nzama akhala akuphunzira malembo kwa zaka zoposa 120. Dzina la mfumuyo palokha ndi phunziro la kalembedwe, pakuti limasunga bv wakale, pomwe malamulo a Bungwe la Chichewa, amene adatuluka mu 1973 ndi kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, amafuna kuti dzina la nyamayo lizilembedwa kuti njovu. Izi zikusonyeza kuti kalembedwe ka Chichewa kali ndi mbiri yake ndi malamulo ake. Lembo la dongo nalonso liyenera kumvera malamulowo, monga momwe limachitira lembo losindikizidwa m'buku.

Ubwino wa zipangizo zopanga pamanja

Maganizo oti mphunzitsi azipanga zipangizo zake si achilendo. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mabuku sadakwanire. Bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi lidalimbikitsa njira yodziwika ndi dzina loti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera. Njirayi ili ndi ubwino woposa kupulumutsa ndalama. Mwana wamng'ono amadziwa chinthu pochigwira, pochitembenuza ndi pochilondola ndi chala. Lembo limene waliumba yekha amalikumbukira kuposa limene waliona patali pabolodi.

Mfundo imeneyi idaonekanso kutali ndi kuno. Mu 1907 Maria Montessori adatsegula nyumba yake yoyamba ya ana ku San Lorenzo, mumzinda wa Rome. Iye adadula malembo papepala lokhakhala la akalipentala n'kuwamata patimakhadi, kuti mwana azilondola lembo ndi zala kwinaku akutchula liwu lake. Chofunika kuchidziwa n'chakuti mayiyo ankaphunzitsa maliwu a Chitaliyana kwa ana oyankhula Chitaliyana, chiyankhulo chimene, mofanana ndi Chichewa, chimalembedwa pafupifupi momwe chimatchulidwira. Luso la manja lidatumikira chiyankhulo cha mwanayo. Pamenepa ndi pomwe zipangizo zambiri za m'sukulu za mkombaphala zaphonya.

Malembo 26 ndi ndondomeko yake

Vuto loyamba ndi chiwerengero ndi ndondomeko ya malembo. Mawu a Chichewa sagwiritsa ntchito q ndi x. Lembo la c siliima lokha m'kalembedwe ka m'Malawi, limapezeka mu ch ndi tch basi, ngakhale kuti mabuku akale ndi Chinyanja cha ku Zambia amalemba c yekha pomwe kuno pamalembedwa ch. Lembo la r siliyamba mawu enieni a Chichewa, pakuti lamulo limati r alembedwe patsogolo pake pakakhala i kapena e, ndipo l alembedwe kwina konseko. Mawu oti lichero amasonyeza lamuloli mbali zonse ziwiri. Mlezi akapachika malembo onse 26 pachingwe ndi kufuna kupatsa lililonse chithunzi chake, amapezeka kuti pa c, q, r ndi x alibe mawu a Chichewa oti aikepo, ndipo amathawira ku Chingerezi. Akathawirako pa malembo anayi, amangoti bola onse akhale a Chingerezi.

Izi sizikutanthauza kuti q ndi x abisidwe mpaka kalekale. Ku Ntcheu kuli mifunda ya Chingoni monga Nqumayo, ndipo kuli ana otchedwa Felix kapena Alex, amene ali ndi ufulu woona lembo la dzina lawo. Malembo amenewa ndi alendo olemekezeka. Mlendo amalandiridwa eni nyumba atakhala kale pansi.

Ndondomeko ya a, b, c, d nayo ndi ya mtanthauziramawu ndi kaundula, ndipo ilibe thandizo kwa woyamba kuwerenga. Phatikizo la Chichewa limathera ndi a, e, i, o kapena u, kupatula m kapena n woima payekha monga m wa mu mtengo. Choncho popanda malembo asanu amenewa palibe mawu angapangike. Koma mu ndondomeko ya Chingerezi o ali pa nambala 15 ndipo u ali pa nambala 21. Mwana amene akuumba lembo limodzi pasabata adzadikira miyezi isanu asanakumane ndi u. Pomwe mlezi akayamba ndi a, e, i, o, u, n'kuonjeza m ndi n, mwana wa zaka zisanu angathe kuyala pamphasa mawu monga ana, ine, mano, moni ndi mame. Akaonjeza l ndi k, pabwera makala, lamulo ndi kalulu. Ndi malembo asanu ndi anayi okha, mwana waona kuti zimene waumba zikuyankhula. Amene adaphunzira ndi buku la Sosa akukumbukira kuti mphamvu yake idali pa maphatikizo omwewa.

Dzina la lembo ndi liwu lake

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyamba, ngakhale kuti silioneka ndi maso. Nyimbo ya alifabeti imene ana amaimba imaphunzitsa mayina a malembo m'Chingerezi. M'chiyankhulo chimenecho lembo la a limatchedwa ei, lembo la e limatchedwa i, ndipo lembo la i limatchedwa ai. Mwana amene waloweza zimenezi kwa zaka ziwiri akafika mu Sitandade 1, mphunzitsi akatchula i wa mu ine, iye amatola e, chifukwa ndilo lembo limene adauzidwa kuti ndi i. Mwanayo sadalakwe. Wachita zimene adaphunzitsidwa. Mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi amayamba ndi kufufuta zimene mlezi adadzala, ndipo mwana amene adali wonyada kuti amadziwa malembo amayamba kudzikayikira.

Kafukufuku wa kawerengedwe ka ana amene adachitika m'dziko muno mu 2010 adapeza kuti ana ambiri a mu Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi m'kankhani kafupi ka Chichewa. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo sikungakhale chilungamo kusenzetsa alezi mtolo wonsewo. Komabe ndondomeko ya National Reading Programme, imene idayamba mu 2016, idaika patsogolo maliwu a malembo ndi maphatikizo. Sukulu ya mkombaphala ikamaimbitsa mayina a Chingerezi pomwe pulayimale ili pafupi ikuphunzitsa maliwu a Chichewa, ng'ombe ziwiri za pagoli limodzi zikukokera kosiyana, ndipo amene ali pangolo ndi mwana.

Malembo oyenda pamodzi

Vuto lachitatu limakhudza kwambiri akonzi, chifukwa zotsatira zake amakumana nazo m'zolemba za akuluakulu. M'Chichewa muli maliwu ambiri amene amalembedwa ndi malembo awiri kapena atatu: ch, tch, ph, th, kh, ny ndi ng'. Lililonse ndi liwu limodzi m'kamwa, ndipo limasintha tanthauzo. Kupala ndi phala n'zosiyana. Kola ndi khola n'zosiyana. Kwa mwana wa ku Ntcheu chitsanzo chomveka kwambiri ndi ngoma ndi ng'oma: choyamba ndi gule wa makolo ake, chachiwiri ndi chida choimbira, ndipo chimene chikusiyanitsa papepala ndi kachizindikiro kam'mwamba kokha. Alifabeti ya Chingerezi ilibe malo a maliwu amenewa. Mwana amene adaumba p payekha ndi h payekha amaona h ngati chokongoletsa chimene angathe kuchisiya akatopa, ndipo akakula amalemba kasu pomwe akutanthauza khasu.

Apa m'pamene zipangizo zopanga pamanja zikadaposa tchati cha m'sitolo. Tchati chosindikizidwa kunja sichingasinthidwe, koma katoni ndi dongo zimamvera mwini wake. Mlezi angathe kumata p ndi h pakhadi limodzi, n ndi y pakhadi limodzi, ndipo ng' n'kumuumba ndi kachizindikiro kake komwe, kuti mwana akamatola azitola chinthu chimodzi ndi kutchula liwu limodzi. Ufulu umenewu ulipo kale m'manja mwa mlezi. Chimene chikusowa ndi womuuza kuti akuloledwa kuugwiritsa ntchito.

Chithunzi ndi lembo

Alezi ena adazindikira kale kuti zithunzi za Chingerezi sizikuthandiza, ndipo adayamba kujambula zinthu za m'mudzi. Kumeneku n'kupita patsogolo, koma msampha wina ulipo. Kuika nyumba pa n, mbuzi pa m, phiri pa p, khasu pa k kapena dzira pa d, ndi kuyang'ana lembo loyamba m'malo momvera liwu loyamba. Mwana amene sadziwa kuwerenga amadalira khutu, ndipo khutu lake silimva n woyera mu nyumba. Mawu oyenera ndi amene lembolo limatsatidwa ndi a, e, i, o kapena u: galu pa g, fisi pa f, kalulu pa k, tambala pa t, madzi pa m, dengu pa d, poto pa p, sopo pa s, zenera pa z, bakha pa b. Nyumba, phiri ndi khasu zidikire makhadi awo a ny, ph ndi kh. Lembo la r lionetsedwe pakati pa mawu, monga mu mpira.

Malembo asanu oyamba aja amafuna nzeru yapadera. Pa a pali agogo ndi amayi, pa u pali uta, ufa ndi udzu. Koma mayina a zinthu zojambulika oyamba ndi e, i kapena o ndi osowa m'Chichewa. M'malo mokakamiza chithunzi, mlezi angagwiritse ntchito mchitidwe: mwana agwedeze mutu kuti eya, adziloze pachifuwa kuti ine, aime pakhomo ndi kunena kuti odi. Palibe tchati chochokera kunja chimene chingapereke zimenezi, chifukwa zimachokera m'kati mwa chiyankhulo ndi mwambo wa mwanayo.

Za ummisiri wake

Pali zinanso zokhudza kapangidwe. Mapesi ndi timitengo zimakonda mizere yoongoka, choncho alezi ambiri amapanga malembo aakulu okhaokha, monga A, E, K ndi M. Koma m'buku la Sitandade 1 malembo ochuluka ndi aang'ono, ndipo mwana amene amadziwa A sazindikira a. Malembo aang'ono ndiwo ayenera kuyamba, ndipo dongo, chingwe ndi waya n'zimene zimapindika bwino pa ntchito imeneyi. Lembo lalikulu lilowe kudzera m'dzina la mwanayo.

Lembo lomasuka lili ndi chizolowezi chotembenuka. Kapu ikatembenuzidwa imakhalabe kapu, ndipo mwana amadziwa choncho kuyambira ali wakhanda. Koma b akatembenuka amasanduka d kapena p, n amasanduka u, ndipo m amafanana ndi w. Choncho lembo liyenera kumatidwa pakatoni yokhala ndi mzere kunsi kwake, kuti mwana adziwe mutu ndi miyendo. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino. Kungathandizenso kuti a, e, i, o, u akhale ndi mtundu wawo, mwina wa dothi lakatondo, ndipo malembo enawo akhale akuda ndi makala, kuti diso lione kuti phatikizo lililonse lili ndi mbali ziwiri.

Moyo wa mwana nawo usaiwalike. Nyemba ndi chimanga chosamatidwa bwino zimalowa m'mphuno ndi m'makutu mwa ana aang'ono. Njere za nsatsi, ngakhale zili zokongola, ndi zapoizoni ndipo siziyenera kupezeka pamphasa ya ana. Zitsekerero za mabotolo zachitsulo zimacheka.

Ndipo mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu sali pamsinkhu wowerenga. Kwa iye lembo la dongo ndi choseweretsa, ndipo liyenera kukhala choncho. Phindu lake ndi kulimbitsa zala ndi kuzoloweretsa diso. Ntchito yaikulu pamsinkhu umenewu ndi ya khutu: nthano, zilape, nyimbo za kwawo, ndi kuomba m'manja maphatikizo a dzina lake. Mwana amene amamva kuti Chi-so-mo ali ndi mapazi atatu wayamba kale ulendo wa kuwerenga asanagwire pensulo.

Zimene makolo amafuna

Pali yankho limene alezi amapereka, ndipo liyenera kumvedwa mwaulemu. Makolo amafuna Chingerezi. Mwana akabwera kunyumba akuimba alifabeti ya Chingerezi, kholo limakhutira kuti chimanga chimene lidasonkha cha phala sichidapite pachabe. Makolowo sakulakwa kuona kuti mayeso, ntchito ndi maofesi zimafuna Chingerezi, ndipo boma lenilenilo, limene mu 1996 lidalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo zawo, mu 2014 lidalengeza kuti Chingerezi chikhale chiyankhulo chophunzitsira kuyambira mu Sitandade 1. Mlezi wosalipidwa sangayembekezeredwe kulimbana yekha ndi mphepo yotere.

Koma kuloweza nyimbo ya malembo si kudziwa Chingerezi, ndiponso si kuwerenga. Mwana amaphunzira kamodzi kokha chinsinsi chakuti zizindikiro za papepala zimaimira maliwu a m'kamwa, ndipo chinsinsi chimenechi chimaululika msanga m'chiyankhulo chimene amachimva, makamaka chikakhala cholembedwa mosabisa ngati Chichewa. Akachigwira, amapita nacho ku Chingerezi. Nyimbo ndi moni wa Chingerezi zingakhalepo pa nthawi yake, koma malembo ogwirika m'manja atchulidwe ndi maliwu a Chichewa. Kholo limene laona mwana wake wa zaka zisanu akuyala mawu oti moni pamphasa ndi kuwawerenga yekha silidzafunsanso za nyimbo ija.

Mawu ogwiritsa ntchito ndi udindo wa olemba

Mbali ina ya vutoli ili kwa akatswiri a chiyankhulo. Mlezi amene akufuna kuchita bwino amapeza mawu osagwirizana. Mabuku a sukulu amati lembo ndi malembo, pomwe anthu ambiri amati chilembo ndi zilembo. Mabuku a malamulo a chiyankhulo amatcha a, e, i, o, u malembo a liwu, ndipo enawo amawatcha malembo opanda liwu. Komatu mphunzitsi wa Sitandade 1 amauza ana kuti atchule liwu la lembo la m. Lembo lopanda liwu lingakhale bwanji ndi liwu? Ena pothawa chisokonezochi amati mavawelo ndi makonsonanti, mawu amene sauza mlezi kanthu. Palibenso mawu amodzi ogwirizana otchulira ch, ph kapena ny ngati chinthu chimodzi. Bungwe la Chichewa lidathetsedwa mu 1995, ndipo ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies, imene idakhazikitsidwa mu 1996 ndi kutulutsa mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha mu 2000. Kulongosola mawu owerengeka amenewa ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi mtanthauziramawu, koma phindu lake lingafike pamphasa iliyonse.

Ngakhale dzina la sukuluzi likufunika kuliganizira. Mkombaphala limaloza mbale, ndipo ena amalitchula monyoza. Dzina loti mmera mpoyamba, limene boma ndi mabungwe amagwiritsa ntchito, limaloza ntchito yeniyeni, ndipo limakumbutsa kuti chopindika pachiyambi chimavuta kuongola.

Zofunika kuchita si zodula. Olemba ndi akonzi angakonze tsamba limodzi lokha, lokhala ndi ndondomeko ya malembo yoyenera Chichewa, mawu amodzi oyenera pa liwu lililonse, ndi mndandanda wa malembo oyenda pamodzi, lolembedwa m'Chichewa chosavuta ndi lololedwa kukopedwa ndi aliyense. Ophunzitsa alezi, asanawaonetse kaumbidwe ka lembo, ayambe awauza lembo loti aumbe ndi katchulidwe kake. Mphunzitsi wa Sitandade 1 pasukulu ya pulayimale ya kufupi angakhale pansi ndi alezi a m'midzi yotumiza ana kusukulu yake kamodzi pateremu, aone zipangizo zawo ndi kumva momwe amatchulira a, e, i, o, u. Ku Nzama, kumene parishi, sukulu ndi midzi zakhala zikuyendera limodzi kwa zaka zoposa 120, msonkhano wotere sufuna galimoto kapena ndalama za wina aliyense. Dongo lilipo, mapesi alipo, ndipo manja odzipereka alipo kale.